Charles, Charles, Charles: kodi mafumu a ku Ulaya mayina anawathera?

MayiAwiri_Leeds
Abale anzanga, ndithandizeni mutu usanandiphulike. Lachinayi sabata yamawa ndikukalemba mayeso aja a Life in the UK, amene munthu amalemba akafuna kukhazikika kapena kukhala nzika ya Britain, ndipo aka n'kachiwiri. Ulendo woyamba ndinakhoza mafunso 16 pa 24, pomwe amafuna 18. Mapaundi 50 anangolowa m'madzi. Chimene chinandigwetsa si china ayi, koma mafumu. Ndimawerenga usiku kuntchito agogo amene ndimawasamalira akagona, koma ndikangotseka buku zonse zimasakanikirana ngati nyemba ndi khobwe m'lichero limodzi. Charles wina anamudula mutu, Charles wina anabisala mumtengo, Charles wina ndi uyu tikumuona pa ndalamayu. A Henry alipo 8, a Edward 8, a George 6. Kodi azunguwa mayina anawathera? Dziko lonseli, mabuku onsewa, osapeza dzina lina loti n'kumupatsa mwana?

Bwande
kkkkk mayi, inu kwanu a Banda alipo angati? A Phiri nanga?

MayiAwiri_Leeds
Chimenecho ndi chiwongo achimwene, si dzina. Ndipo palibe amene amandifunsa pa mayeso kuti Banda wachitatu anamwalira liti.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi, pepani ndi mapaundiwo. Langizo langa ndi lakuti musiye kuloweza manambala paokha, sagwirika. Kumudzi kukakhala a Yohane atatu sitivutika, timati Yohane wa ngolo, Yohane wa kudimba, Yohane uja anathawa ukwati. Mafumuwanso apachikeni nkhani imodzi aliyense.

Charles woyamba ndi wa nkhwangwa. Analowa ufumu mu 1625, ndipo ankakhulupirira kuti mpando anamupatsa ndi Mulungu, choncho nyumba ya malamulo ilibe mphamvu yomufunsa za misonkho. Anatha zaka 11 osaiitana n'komwe. Nkhondo yapachiweniweni inabuka mu 1642, iye anagonja, anamuzenga mlandu n'kumudula mutu anthu akuona ku Whitehall mu Januwale 1649. England inakhala zaka zina 11 yopanda mfumu, zambiri mwa izo ili m'manja mwa Oliver Cromwell.

Charles wachiwiri ndi mwana wake, wa mtengo uja. Atagonja pa nkhondo ya ku Worcester mu 1651 anabisala tsiku lathunthu mumtengo asilikali akumusakasaka pansi, kenako anathawira ku France. Anamuitana kudzakhala pampando mu 1660. Mliri wa mu 1665 ndi moto umene unapsereza London mu 1666, zonsezo ndi za nthawi yake. Anamwalira mu 1685. Ana anali nawo ambirimbiri koma onse apathengo, wa m'nyumba analibe, ndiye mpando unapita kwa mng'ono wake James wachiwiri.

Charles wachitatu ndi wa pa ndalamayu, wa 2022. Pakati pa wachiwiri ndi wachitatu padutsa zaka 337. Nkhwangwa, mtengo, ndalama. Mukagwira zitatuzo a Charles mwathana nawo.

MayiAwiri_Leeds
Aphunzitsi Mulungu akudalitseni. Ndalemba pakapepala ndamata pafiriji.

Kadzidzi
Aphunzitsi athandiza za mayeso, koma funso lenileni la mayiwa silinayankhidwe. Mayina sanawathere. Kubwereza dzina n'kwadala, ndipo nthawi zina munthuyo dzinalo si lake loitanidwira n'komwe. George VI, bambo a Elizabeth, kunyumba ankamutcha Albert. Mkulu wake Edward VIII atatula pansi ufumu mu Disembala 1936 chifukwa chofuna kukwatira Wallis Simpson, mayi wa ku America amene anali atasiyana ndi amuna awiri, banja lachifumu linali pamanyazi aakulu. Albert uja anatenga dzina la bambo ake, George, kuti anthu aone ngati ufumu wa George V ukungopitirira, zapakatizi zinali maloto chabe. Dzinalo linali bulangete lofunditsa chipongwe. Agogo akenso, Edward VII, anali Albert Edward, ndipo mayi ake Victoria ankafuna kuti adzalamulire ndi mayina onse awiri. Mayiwo atangomwalira mu 1901 iye Albert anamusiya pambali.

Bwande
Ndiye Albert akanidwa kawiri konse. Akanakhala wa kwathu kuno bwenzi atapita kwa asing'anga.

Jere_wa_Ntcheu
Ine sindikuona chodabwitsa apa. Ifenso timalowa dzina. Gomani amene anaphedwa ndi Angelezi mu 1896 ndi wina, Gomani wachiwiri, a Philip, amene anachotsedwa pampando mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi winanso, ndipo lero tikunena Gomani wachisanu. Ku Mzimba a M'mbelwa chimodzimodzi. Mzungu akamawerenga mbiri yathu nayenso mutu umamupweteka ngati mmene ukuwapwetekera mayi a ku Leeds.

NaPhiri_Katete
A Jere, zikufanana koma si chimodzimodzi. Kwa ife dzina ndi mpando womwewo. Aliyense wokhala pa Mkaika ndi Gawa Undi, sangadzuke m'mawa n'kunena kuti ine nditchuleni dzina lina. Ndiponso kwa ife Achewa dzina limatsata kuchikazi, amalowa ndi mwana wa mlongo. Azunguwa mpando ndi umodzi koma mayina amasankha m'kadengu: lero George, mawa Edward, mkuja Elizabeth. Ndiye funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani kadenguko kali kakang'ono chonchi.

Jere_wa_Ntcheu
Kusankha pakati pa mayina anayi ndi kusankha kumeneko amayi?

Kadzidzi
Anayi achuluka. Pitani ku Denmark. Kuyambira 1513 mpaka 1972 mafumu awo onse anali Christian kapena Frederik, mosinthana ngati mapazi a munthu woyenda. Christian abereka Frederik, Frederik abereka Christian, ndipo ngakhale pamene mpando unkadumphira kwa m'bale wina dongosololo silinasokonezeke. Amene anadula mzerewo ndi Margrethe II mu 1972, poti mkazi sangakhale Christian. Komabe mwana wake anamutcha Frederik, ndiye Frederik X amene analowa mu Januwale 2024 mayi ake atatula pansi udindo. Mwana woyamba wa Frederik ameneyu dzina lake mukulidziwa kale ndisananene.

Bwande
Chimwemwe.

Kadzidzi
Christian, iwe.

Katekisiti
Ndiloleni ndipatuke pang'ono. Vuto la mayiwa ndimakumana nalo chaka chilichonse pophunzitsa ana a kalasi. Mwana wina anandifunsa kuti kodi Herode anakhala zaka zingati, poti iye ndiye anapha makanda ku Betelehemu, iye yemweyo anadula mutu wa Yohane Mbatizi, iye yemweyonso anapha Yakobo ndi kutsekera Petro m'ndende. Ndinachita kumujambulira pa bolodi kuti awa ndi anthu atatu: Herode Wamkulu wa makanda, mwana wake Herode Antipa wa Yohane Mbatizi, ndi mdzukulu Herode Agripa wa pa Machitidwe 12. Akulu ampingo ena omwe anali pamenepo nawonso anali asakudziwa, anangoti zii.

Ndiye mayi, poti tatchula Yakobo, dziwani kuti James wa Chingelezi ndi Yakobo yemweyo. Mfumu James amene Baibulo la Chingelezi la mu 1611 limadziwika ndi dzina lake, m'Chichewa tikanati mfumu Yakobo.

WaKuGlasgow
James ameneyo samalani naye mayi, amabwerabwera pa mayeso. Ali ndi manambala awiri. Ku Scotland anali James VI kuyambira ali khanda, ndipo Elizabeth woyamba atamwalira wopanda mwana mu 1603 anatenganso mpando wa England, kumene anali asanakhaleko ndi James, ndiye kumeneko ndi James I. Munthu mmodzi, wachisanu ndi chimodzi kuno, woyamba uko.

Ndipo musaganize kuti manambalawa ndi nkhani ya m'mabuku basi. Kuno anthu anaphulitsirana zinthu. Elizabeth wa dzana uja atalowa mu 1952 anamutcha wachiwiri, koma Scotland inali isanakhalepo ndi Elizabeth woyamba, poti uja wakale ankalamulira England yokha. Ndipo ndi Elizabeth yemweyo amene anasainira kuti Mary, mfumukazi ya Askoti, adulidwe mutu mu 1587. Ndiye taganizani boma likudzika bokosi la makalata ku Edinburgh lolembedwa E II R. Anthu analipaka phula, analimenya ndi nyundo, pomaliza mu 1953 analiphulitsa ndi bomba. Nkhani inafika kukhoti, John MacCormick anasumira boma, koma oweruza anati nambala ya mfumu ndi ufulu wa mfumuyo, khoti silingalowererepo. Komabe boma linaona moto. Ine ndimadutsa mabokosi ofiira amenewa tsiku lililonse popita kuntchito: a nthawi ya Elizabeth kuno ali ndi chisoti chachifumu cha Scotland chokha, zilembo zija mulibe. Mukakwera sitima n'kutsika ku Carlisle mumayamba kuziona.

MayiAwiri_Leeds
Zoona? Ine ndimaponya makalata osayang'ana n'komwe. Mawa ndikaima ndilione la pakona pathu.

Tsabola_Wakale
Kuphulitsa bokosi chifukwa cha timizere tiwiri. Anthu okhuta.

Kadzidzi
A Tsabola, timizere tiwirito tikunena kuti mbiri ya England ndiyo mbiri ya dziko lonse, ya Scotland ndi yongowonjezera. Inu wina atabwera kwanu n'kuyamba kuwerenga mafumu anu kuyambira tsiku limene iye anafika, mungasekerere? Nambala si masamu. Nambala imanena amene ukumuwerenga ndi amene ukumudumpha.

Chitsanzo chili mu England momwemo. Mayi anena kuti a Edward alipo 8. Enieni alipo 11. Asanabwere William wa ku Normandy mu 1066 kunali kale Edward atatu, womaliza ndi Edward the Confessor amene anamanga Westminster Abbey yoyamba. Edward amene timamutcha woyamba analowa mu 1272, ndipo bambo ake Henry III anamupatsa dzinalo polemekeza Confessor yemweyo. Koma olemba mbiri anazolowera kuwerenga kuyambira pa 1066, ndiye atatu akalewo anatsala kunja kwa mpanda opanda nambala.

Mphunzitsi_Wopuma
A Kadzidzi akunena zoona, ndipo kumene mfundoyi imaonekera bwino ndi ku France. Ana asukulu ambiri amasokoneza Louis XIV ndi Louis XVI, poti zilembo zake ndi zomwezo, zangosinthana malo. Ndinkachita kuwauza kuti I akakhala kumanzere kwa V wachotsera, akakhala kumanja wawonjezera. Wa nambala 14 ndi uja wa nyumba yachifumu ya Versailles, analowa ali ndi zaka 4 mu 1643 n'kulamulira zaka 72. Anakhalitsa mpaka mwana wake ndi mdzukulu wake anamwalira iye akadali pampando, moti Louis XV amene anamulowa mu 1715 anali mwana wa mdzukulu wake, kamnyamata ka zaka 5. Wa nambala 16 ndi mdzukulu wa ameneyo, mwamuna wa Marie Antoinette, amene anamudula mutu mu Januwale 1793.

Tsopano mvetserani apa. Napoleon atagwa mu 1814, mng'ono wake wa wodulidwa mutu uja anabwerera kudzakhala pampando. Mwa masamu akanakhala Louis XVII. Koma anadzitcha Louis XVIII. Wa 17 ali kuti? Anali mwana wa Louis XVI, amene anafera m'ndende ku Paris mu 1795 ali ndi zaka 10, osalamulirapo ngakhale ola limodzi. Kwa a banja lachifumu, mwanayo anakhala mfumu pa mphindi imene mutu wa bambo ake unagwa, kaya anali m'chitolokosi kaya ayi. Louis XVIII anafika posaina malamulo a dziko a mu 1814 kuti ndi chaka cha 19 cha ufumu wake. Kunena kwina, chipolowe chonse chija, boma lopanda mfumu lija, Napoleon ndi nkhondo zake zonse, kwa iye kunalibe. Anafufuta zaka zonsezo ndi nambala imodzi.

Choseketsa n'chakuti a kwa Napoleon anabwezera ndi ndodo yomweyo. Mwana wa m'bale wake atakhala mfumu yaikulu mu 1852 anadzitcha Napoleon III, kuwerengera mwana wa Napoleon amene anakulira ku Austria ndipo France sanailamulire m'njira iliyonse yooneka.

Tsabola_Wakale
Chabwino, apo ndagonja pang'ono. Komabe bomba linali lowonjeza.

MayiAwiri_Leeds
Aphunzitsi, a Louis sabwera pa mayeso anga, musandiwonjezere katundu chonde kkkk. Koma za kamwana ka zaka 10 kofera m'ndende zandikhudza. Wanga wachiwiri ali ndi zaka zomwezo.

Chimutu77
Ine ndili ndi funso lina. Bwanji John alipo mmodzi yekha? Dzina lofala chonchi, mpingo uliwonse a John asanu.

WaKuGlasgow
Poti woyambayo analiipitsa. John wa ku England, 1199 mpaka 1216, anataya Normandy kwa Afalansa, anakangana ndi Papa, anafinya anthu ndi misonkho mpaka nduna zake zinamukakamiza kuvomera Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu, mu 1215. Mayi, chaka chimenecho chigwireni, chimabwera. Kuno ku Scotland ziliponso. Mu 1390 amene ankalowa ufumu dzina lake la ubatizo linali John, koma analisiya n'kukhala Robert III. Kunali kale John Balliol amene anthu ankamuona ngati chidole cha Angelezi. Akanadzitcha John II ndiye kuti wavomereza kuti Balliol anali mfumu yeniyeni, pomwe banja lake linkachokera kwa Robert Bruce, mdani wa a Balliol. Kusintha dzina kunamupulumutsa ku funso limenelo.

Chimutu77
Ndiye pali lamulo loletsa John?

Kadzidzi
Lamulo palibe. George V anali ndi mwana dzina lake John, anamwalira mu 1919 ali ndi zaka 13, koma anali chitsirizira, kutali ndi mpando. Amangopewa kulipereka kwa woyamba kubadwa. Ndipo za mayina atsoka musazikhulupirire kwambiri. Charles naye linali dzina la mbiri yoipa, woyamba wa nkhwangwa, wachiwiri wa ana apathengo, ndipo panalinso Bonnie Prince Charlie amene anayambitsa kuukira kwa mu 1745, omutsatira ankamutcha kale Charles III. Manyuzipepala ankalosera kuti uyu adzasankha George. Tsiku litafika anangokhala Charles.

Bwande
Munthu wadikira ntchito mpaka zaka 73, ndiye asinthenso dzina? Akanasokoneza a penshoni.

Katekisiti
Za John ndiwonjezere za kwathu ku Roma. Papa Yohane XXIII amene anasankhidwa mu 1958 tonse timamudziwa, koma Yohane XX sanakhaleko. Alembi akale anasokoneza kawerengedwe, nambalayo inadumphidwa, ndipo palibe anabwerera kukakonza.

Kadzidzi
A Katekisiti, kumeneko kunali kulakwitsa. Ku Sweden kunali kupeka. Mfumu yawo ya lero ndi Carl XVI Gustaf, ili pampando kuyambira 1973. Mukawerenga a Karl amene anakhalapodi, iyeyu ndi wa nambala 10. Asanu ndi mmodzi oyambirira ndi a m'nthano. Kunali bishopu wamkulu wina, Johannes Magnus, amene analemba mbiri ya mafumu a Sweden ali kunja kwa dziko, inasindikizidwa ku Rome mu 1554. Pofuna kuonetsa kuti dziko lake ndi lakale kuposa ena onse, anayambira mzere wa mafumu pa Magogi, mdzukulu wa Nowa, ndipo pamene panali mipata anadzazapo mafumu a m'mutu mwake, a Erik angapo, a Karl angapo. Ana a mfumu Gustav Vasa anawerenga, zinawakomera. Wina anadzitcha Erik XIV, mng'ono wake Karl IX mu 1604. Kuyambira pamenepo nambala inangopitirira. Karl woyamba weniweni, wa m'zaka za m'ma 1160, lero amatchedwa Karl VII.

Ndipo banja limene lili pampando pano si la ku Sweden kwenikweni. Kholo lawo ndi Jean Bernadotte, Mfalansa wobadwira ku Pau, mkulu wa asilikali a Napoleon. Anamusankha kukhala wolowa ufumu mu 1810, ndipo atakhala pampando mu 1818 anakhala Karl XIV Johan. Mlendo wosadziwa bwino n'chilankhulo chomwe, koma dzina ndi nambala zinamulumikiza ku mzere wofika mpaka ku chingalawa cha Nowa.

NaPhiri_Katete
Apa ndiye ndayamba kugwirizana ndi a Jere. Kumeneku ndi kulowa dzina ndithu. Ukalowa dzina la malume, ngakhale ukhale mnyamata wa dzulo, akuluakulu amakugwadira chifukwa akuona mwini dzina, osati iwe.

Jere_wa_Ntcheu
Zikomo amayi, ndinadziwa kuti mufika. Norway anachitanso zomwezo. Atapatukana ndi Sweden mu 1905 analibe banja lachifumu, anakabwereka kalonga wa ku Denmark dzina lake Carl. Atafika anakhala Haakon VII. Haakon VI anali atamwalira mu 1380. Anakafukula dzina limene linagona zaka 525 kuti anene kuti ufumuwu si watsopano, tangoudzutsa.

Compadre_Tete
Moni nonse kuchokera ku Moçambique. Ife kusukulu ya makolo athu ankaloweza a João ndi a Afonso a ku Portugal, agogo anga mpaka imfa yawo ankatha kuwatchula mondondoza ngati pemphero, koma mafumu a Amaravi osadziwa ndi mmodzi yemwe. Awiri amene ine ndimawakumbukira ndi a Manuel. Manuel I ndi amene anatuma Vasco da Gama, amene anaima pa chilumba cha Moçambique mu 1498. Manuel II ndi mfumu yomaliza, analowa mu 1908 bambo ake Carlos ndi mkulu wake atawomberedwa mumsewu ku Lisboa, ndipo mu 1910 anamuthamangitsa, anakafera ku England. Palinso Pedro amene ku Brazil ndi Pedro I koma ku Portugal ndi Pedro IV, ngati James wanu uja.

Tsabola_Wakale
Mawu a agogo anuwo ndi amene akundiwawa ine pa nkhani yonseyi. Tadzaza tsamba ndi a Karl ndi a Louis. Ndani pano angatchule a Kalonga asanu motsatizana?

Bwande
Mwayamba ndale madala.

Mphunzitsi_Wopuma
A Tsabola, funso lanu ndi labwino, tsegulani mutu wake pawokha ndipo ine ndidzakhala woyamba kuyankha. Koma kudziwa kusiyanitsa mafumu a ku Ulaya si kuwagwadira. Tengani a Leopold a ku Belgium, alipo atatu. Munthu akangoti Leopold anapha anthu ku Congo osatchula uti, wina akhoza kumutsutsa mosavuta. Ndi Leopold II, amene anatenga Congo ngati munda wakewake kuyambira 1885 mpaka 1908, nthawi ya mphira ndi kudula anthu manja. Woyamba anali bambo ake, anamwalira mu 1865 zimenezi zisanayambe. Wachitatu mlandu wake ndi wina, wogonjera Hitler mu 1940. Ukamaimba munthu mlandu uyenera kudziwa amene ukumuloza chala. Chimodzimodzi a George: Chilembwe anaukira mu 1915 pa nthawi ya George V, asilikali athu a KAR (King's African Rifles) anapita ku Burma pa nthawi ya George VI.

Tsabola_Wakale
Mutuwo nditsegula madzulo ano. Tione ngati a Kadzidzi adzalembe ndime zitatu ngati za ku Sweden.

Kadzidzi
Ndidzalemba zinayi.

Chimutu77
Ine chimene chimandisokoneza kwambiri ndi pamene dzina ndi nambala zonse zafanana koma mayiko osiyana. Ndinamva pa wailesi za Henry IV amene anaima panja m'chisanu kupepesa Papa, ndiye ndinkafufuza m'mafumu a England, nkhani yake osaipeza.

Mphunzitsi_Wopuma
Simukanaipeza. Ameneyo ndi wa ku Germany, Heinrich IV, ndipo zinachitikira ku Canossa mu 1077, anadikira masiku atatu pachipata kuti Papa Gregory VII amukhululukire. Henry IV wa ku England ndi wa 1399, analanda mpando kwa msuweni wake Richard II. Henri IV wa ku France ndi wa 1589, anali Mpulotesitanti, anatembenukira ku Chikatolika kuti Paris imulandire, ndipo anamubaya ndi mpeni m'ngolo yake mu 1610. Ku Castile kunalinso Enrique IV. Dzina ndi limodzi, lilime la dziko ndi limene limalipinda: Henry, Henri, Heinrich, Enrique. Charles, Karl, Carlos. Louis, Ludwig, Luis, ndipo muzu wake ndi Clovis, mfumu ya Afulanki imene inabatizidwa cha m'ma 500. Charles linatchuka chifukwa cha Charlemagne amene Papa anamuveka chisoti mu 800. Dzina lake linakula mpaka m'Chipolishi mawu oti mfumu, król, anachokera kwa Karl ameneyo. Ngati mmene Kaisara wa m'Baibulo linayambira ngati dzina la banja la Julius, kenako n'kukhala udindo, Ajeremani n'kumati Kaiser.

NaPhiri_Katete
Ndiye pamenepo azungu anafika pa ife. Dzina la munthu lasanduka mpando.

Kadzidzi
Ndisanagone ndikusiyireni banja la Reuss ku Germany, linali ndi kadziko kakang'ono ku Thuringia mpaka 1918. Mwana wamwamuna aliyense wobadwa m'banjamo, osati wolowa ufumu yekha ayi, aliyense, dzina lake Heinrich, kwa zaka mazana ambiri. Amasiyanitsidwa ndi nambala malinga ndi mmene abadwira m'banja lonse, asuweni onse pamodzi. Nthambi ina inkawerenga mpaka zaka 100 zithe n'kuyambiranso pa 1, moti kunali Heinrich LXXII, wa nambala 72, ndipo mwana akhoza kukhala ndi nambala yaing'ono kuposa ya bambo ake. Heinrich XIII amene apolisi a ku Germany anamugwira mu Disembala 2022 pomuganizira kuti ankakonza zolanda boma ndi wa banja lomwelo.

Bwande
Mayi wa pakhomopo poitana ana kunsima ankangowerenga ngati kondakitala. 41, 44, 47, kasambeni m'manja.

MayiAwiri_Leeds
kkkkkk achimwene mwandidzutsira agogo ndi kuseka. Abale zikomo nonse, koma tsopano ndili ndi mafumu ambiri m'mutu kuposa mmene ndinabwerera. Aphunzitsi, ndipatseni za Henry VII ndi VIII zokha mwachidule ndizitseka foni.

Mphunzitsi_Wopuma
Wa 7 ndi bambo, anapambana nkhondo ya Bosworth mu 1485 n'kuyambitsa banja la Tudor. Wa 8 ndi mwana, 1509 mpaka 1547, wa akazi asanu ndi mmodzi, amene anachotsa mpingo wa England m'manja mwa Papa chifukwa anamukaniza kuthetsa ukwati woyamba. Pa akaziwo, atatu anali a Catherine, awiri a Anne, Jane mmodzi.

MayiAwiri_Leeds
Ngakhale akazi omwe?? Ndagona.

MayiAwiri_Leeds
Ndabwerera abale. NDAKHOZA. Ndinalowa manja akunjenjemera, mphindi 45 zija ndinagwiritsa 20 zokha. Wa mtengo anabwera, ndinangoona kapepala ka pafiriji m'maso mwanga. A WaKuGlasgow, bokosi la pakona pathu ndinaliyang'ana, lalembedwa G R popanda nambala iliyonse. Ameneyo ndi George uti?

WaKuGlasgow
Mwakhoza bwino mayi! G R yopanda nambala ndi George V, 1910 mpaka 1936. La George VI limakhala ndi VI pakati pa zilembozo. Bokosi lanulo ndi lakale kuposa agogo amene mukuwasamalirawo, mwinamwake.

MayiAwiri_Leeds
Agogowa ndi a 1934, ndiwafunsa akadzuka.

Bwande
Nanga kanyenya wa chikondwerero tidyera kuti, ku Leeds kapena mutumiza pa foni?